MADIMBA A KWA MALAMA

Dziko la Mfumu Malama liri m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, kumwera kwa Mfuwe, pa mseu wakale wopita ku Petauke. Eni dzikoli ndi Akunda, ndipo Malama ndi mmodzi wa mafumu ao asanu ndi mmodzi; enawo ndiwo Nsefu, amene ali wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya ndi Msoro. Akunda amenewa ndi mtundu wina, wosiyana ndi Acikunda a ku Feira ndi ku Zumbo. Makolo ao anacokera tsidya lija la Luangwa motsogoleredwa ndi Mambwe, amene dzina lace linapatsidwa kwa boma lathuli. Cigwa conse anthu amati Malambo.

Mbiri ya mafumu ndi ya nkhondo ena analemba kale, monga Bwana E. H. Lane Poole amene anagwira nchito ya Boma ku Petauke. Ine ndifuna kulemba za minda, makamaka za dimba, pakuti mlendo akafika kuno amaona nyama za m'chire ndi kuzizwa nazo, koma safunsa kuti anthu okhala pakati pa nyamazo amadya ciani. Yankho lace ndi ili: banja la ku Malambo silidalira munda umodzi. Limalima malo atatu osiyana, kuti pamene pena palephera pena paombole ana. Ndipo mwa atatuwo dimba ndilo limaolotsa anthu kucokera pa kukolola kwa caka cino kufikira pa kukolola kwa caka ca mawa.

DZIKO NDI NTHAKA YACE

Cigwaci ciri pansi ndithu. Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, koma kuno ndi mamita ngati 500 kapena 600. Cifukwa ca ici kumatentha kwambiri, ndipo m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40. Mvula imayamba m'November kapena m'December ndi kuleka m'March kapena m'April, koma siyenda mwa dongosolo: caka cina imacuruka mpaka kumiza minda, caka cina imadula pakati cimanga cirikumasula.

Nthaka yambiri ya m'cigwa ndi makande, dothi lakuda lomata, limene limang'ambika ming'alu m'cirimwe ndi kusanduka phala m'dzinja. Pamene pali mitengo ya tsanya, imene kuno timati mupani, nthaka yace ndi youma mtima, madzi salowa pansi msanga, ndipo mbeu sizikondwa. Nthaka yokoma iri m'mbali mwa mitsinje, ndiyo Luangwa ndi ina yotsika ku mapiri a kum'mawa, monga Lusangazi kumwera ndi Lupande kumpoto. Mitsinje imeneyi ikasefukira imasiya matope osalala amene yakokolola kumtunda. Ndico cifukwa cace midzi yathu yandanda m'mbali mwa madzi ngati mikanda pa ulusi, ndipo pakati pace pali chire lopanda anthu.

Cina cimene cinaumba ulimi wa kuno ndi nchenche ya kashembe, imene imapha ng'ombe ndi kupatsa anthu nthenda ya kaodzera. Angoni ndi Acewa a kumtunda anazolowera kulima ndi ng'ombe ndi kuthira ndowe m'minda, koma kuno zimenezo sizinakhazikike. Khasu ndilo ng'ombe yathu, ndipo matope a cigumula ndiwo manyowa athu. Munda wa munthu sungapose mphamvu ya manja a banja lace.

Tsidya la mtsinje kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene Boma la Azungu linaipatula mu 1938, ndipo inakhala National Park mu 1972. Dziko la Malama liri m'cigawo ca Lupande Game Management Area, ndiko kunena kuti anthu amaloledwa kukhala ndi kulima, koma nyama ziri m'manja mwa Boma. Nyamazo sizidziwa malire amene analembedwa pa mapu.

MINDA ITATU

Woyamba ndi munda wa mvula, umene uli waukulu koposa inayo. M'menemo mumakhala cimanga, mapira, nshawa ndi thonje, ndipo pakati pa mizere ya cimanga amabzala maungu, nyemba, nkhaka ndi mabvwende. Pamene pali dambo losunga madzi ena amafesa mpunga. Munda uwu ndiwo umadzaza nkhokwe, koma ndiwonso umafa msanga mvula ikakana.

Waciwiri ndi kamunda ka kuseri kwa nyumba. Ndi kakang'ono, mwina mapazi makumi awiri okha uku ndi uku, koma nthaka yace ndi yonona, cifukwa m'menemo ndimo amai amataya phulusa, zinyalala za pabwalo, zitosi za nkhuku ndi madzi otsukira mbale. Mumamera tsabola, therere, mpiru, maungu, fodya wa agogo, ndi mapesi owerengeka a cimanga cofulumira. Palibe amene amanena kuti "ndirikupita kukagwira nchito" polowa m'kamundaka. Mai amazula udzu podikira madzi a nsima kuti awire, mwana amathirira pobwera ku citsime. Komabe ndiko kamayamba kudyetsa banja m'January, mbeu za ku munda waukulu zisanakhwime.

Wacitatu ndi dimba, ndilo munda wa m'mbali mwa mtsinje kapena wa pa thawale lophwa, wolimidwa mvula italeka. Mbeu zace zimakula ndi cinyontho cimene cigumula cinasiya m'nthaka, ndiponso ndi madzi othirira. M'dimba mumakhala cimanga codya caciwisi, mbatata imene kuno timati kandolo, kayera, maungu, matimati, anyezi, repu, kabici, nzimbe ndi nthoci.

Nzeru yace ya minda itatuyi iri apa. Caka ca cilala munda wa mvula umauma, koma pansi pa mcenga wa mtsinje madzi amakhalapobe, ndipo dimba limabala. Caka ca cigumula mbeu za m'munsi zimakokoloka, koma madzi akaphwa amasiya malo a dimba otambalala ndi onona koposa zaka zina. Njobvu zikatha munda wa kutali, kamunda ka pakhomo kamatsala. Tsoka limodzi siligwira malo onse atatu nthawi imodzi, ndipo makolo anadziwa ici asanaone mlangizi ali yense.

KUMENE MBEU ZINACOKERA

Ana ambiri amayesa kuti cimanga ndi mbeu ya makolo athu kuyambira pa ciyambi, koma si tero ai. Mbeu zeni zeni za mu Africa ndi mapira, maere, nyemba, nzama, mabvwende ndi mphonda. Cimanga, cinangwa, mbatata, nshawa, kayera, maungu, matimati, tsabola ndi fodya zinacokera ku America, ndipo zinafika ku gombe la Africa ndi zombo za Apwitikizi caka ca 1500 citapita. Nthoci ndi nzimbe zinacokera ku Asia kale lomwe, ndipo mango kwao ndi ku India. Mbeuzi zinalowa m'kati mwa dziko pang'onopang'ono, kudzera m'manja mwa amalonda ndi a paulendo, potsata njira zonga za ku Tete ndi ku Zumbo. Ndiwo za Cizungu, monga kabici ndi repu, zinafala pambuyo pace ndi mamishoni, masukulu ndi alangizi. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti masukulu onse azikhala ndi nchito za ulimi, ndipo pa sukulu ya mishoni pamene ine ndinaphunzira mwana ali yense anali ndi mzere wace wa ndiwo wouthirira m'mawa belu lisanalire.

Kale nsima ya Akunda inali ya mapira. Mapira amapirira dzuwa, ndipo mvula ikadula amangoima, nayambanso kukula ikabwera, cimanga sicitero. Nanga anacepa bwanji? Zifukwa zace ndi zingapo. Mapira amafuna munthu woinga mbalame tsiku lonse kwa masabata ambiri, ndipo ana amene ankagwira nchitoyo tsopano ali ku sukulu. Kupuntha ndi kusinja kwace n'kolemetsa. Ndiponso Boma linakonda cimanga: bungwe la NAMBOARD, limene linakhazikitsidwa mu 1969, linkagula cimanga koposa zina zonse, ndipo fetereza wothandizira alimi, amene anayamba mu 2002, anatsatanso cimanga. Thonje nalo linatenga malo ndi manja. Linafala ndi kampani ya Boma ya LINTCO, ndipo itagulitsidwa mu 1994 makampani ena anapitiriza kukongoza alimi mbeu ndi mankhwala. Thonje limabweretsa ndalama za sukulu ndi za sopo, koma silidyedwa. Motero pamene thonje lakula, nchito ya dimba yakulanso.

NCHITO ZA DZINJA

Caka ca mlimi cimayamba m'September ndi m'October, dzuwa lirikuswa mtengo. Ndiyo nthawi yosoka mipini, yonola makasu ndi yosoka minda: amasonkhanitsa mapesi ndi zitsamba, natentha kapena kuzikwirira m'mizere. Nchito imayamba m'bandakuca ndi kuleka dzuwa lisanafike pamutu. Posoka mlimi wanzeru sadula mtengo wa msangu. Mtengo uwu uli ndi khalidwe losiyana ndi ina yonse, pakuti umayoyola masamba m'dzinja ndi kuphuka m'cirimwe. Motero suphimba mbeu ndi mthunzi, ndipo masamba ace amanonetsa nthaka. Cimanga ca pansi pa msangu cimaoneka cobiriwira ngakhale patali.

Mvula yoyamba ndi cizimalupsa, yongozima moto wa m'chire ndi kugonetsa pfumbi. Wobzala ndi mvula imeneyi kawiri kawiri amataya mbeu, cifukwa pambuyo pace dzuwa limabweranso. Akuluakulu amadikira mvula yolowa pansi, nakumba ndi khasu kuti aone pamene cinyontho cafika. Ikagwa yotero mudzi wonse umathera ku minda, mwamuna patsogolo kukumba mapando, mkazi ndi ana pambuyo kuponya njere ndi kukwirira ndi phazi. Pa makande masiku obzala ndi owerengeka: dothi likauma khasu limadumpha, likanyowa kwambiri limamatirira ku khasu ndi ku mapazi.

January ndi February ndiyo miyezi yowawa. Udzu umakula msanga m'nthaka yotentha ndi yonyowa, ndipo kupalira kumafunika kawiri kapena katatu. Nthawi yomweyo nkhokwe zapepuka, malungo acuruka, mitsinje yadzala, ndipo mseu umaduka kotero kuti galimoto sifika kwa Malama kwa masabata ambiri. Munthu amapalira ndi mimba yopanda kanthu. Kale mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa ndi kumema dima, anansi nabwera ndi makasu ao kudzamaliza munda tsiku limodzi, mawa napita kwa wina, pakuti mutu umodzi susenza denga. Masiku ano ganyu wacuruka koposa dima, ndipo pali msampha m'menemo: wosauka amapalira munda wa mnzace kuti apeze cakudya ca lero, pamene wace ulikudyedwa ndi udzu, ndipo caka ca mawa amasaukanso.

M'miyezi imeneyi ndiwo zimacokera ku kamunda ka pakhomo ndi m'mizere ya cimanga: nkhwani umene kuno timati cibwabwa, masamba a nyemba, bonongwe, therere lophika ndi cidulo, ndiponso bowa wa m'chire. Banja limene linasunga cimanga couma ca ku dimba la caka catha limafika m'February likadali ndi ufa.

MADZI AKAPHWA

M'March ndi m'April nkhope za anthu zimasintha. Cimanga caciwisi ndi maungu zapsa, ana alikukazinga ndi kuocha. Amai amathyola masamba a nyemba ndi a maungu ambiri, nawafutsa pang'ono m'madzi otentha, nawayanika pa mphasa. Umenewu ndiwo mfutso, umene amausunga m'zikwatu kapena m'mitsuko kuti udzakhale ndiwo za m'cirimwe.

Nthawi yomweyo madzi a m'mitsinje amayamba kubwerera, ndipo eni madimba amapita kukaona cimene mtsinje wawacitira. Caka ciri conse dimba limabadwa mwatsopano. Pena mtsinje wasiya matope abwino, pena waunjika mcenga wosabala kanthu, pena wadya gombe ndi kupita nalo. Nchito yoyamba ndi kucheka bango ndi udzu, kuzula zitsa zimene madzi anabweretsa, ndi kumanga mpanda wa minga kapena wa bango.

Kubzala m'dimba kumatsata madzi. Mbali ya kumtunda imayamba kuuma, ndipo imeneyo ndiyo imayamba kubzalidwa. Patapita sabata kapena awiri amabzala mbali yotsatira, ndi kumatsika cotero kufikira m'mphepete mwa madzi. Motero mbeu sizipsa tsiku limodzi, koma motsatizana, ndipo banja limadya miyezi yambiri. Pobzala cimanga amakumba maenje akuya mpaka apeze dothi lacinyontho, naponyamo njere zitatu kapena zinai, nakwirira pang'ono. Mmera ukamakula amabwezeramo dothi pang'onopang'ono, kuti mizu ikhale pansi pozizira. Kandolo amaoka pa mitumbira pamene pali dothi la mcenga. Matimati, repu, kabici ndi anyezi amayamba kufesa pa nazale yophimba ndi udzu, naoka mbande madzulo dzuwa litapepa.

Bvuto la miyezi ya May, June ndi July ndi kucuruka kwa nchito. Cimanga ca ku munda waukulu cifuna kukololedwa ciswe cisanacigwetse, nshawa zifuna kukumbidwa, thonje lifuna kutoledwa, mapira afuna woinga mbalame, nkhokwe ifuna kumatidwa. Dimba nalo silidikira, pakuti cinyontho cikathawa cathawa. Banja limagawana: ena ku munda, ena ku dimba. Wocedwa kubzala dimba cifukwa ca thonje amadzanyamula ndowa zambiri m'tsogolo.

NCHITO ZA CIRIMWE

M'nyengo ya cisanu ndiwo zamasamba zimakondwa, ndipo tizirombo timacepa. Koma kuyambira m'August mphepo imauma, mitsinje yaing'ono imaleka kuyenda, ndipo pamatsala mcenga woyera. Pamenepo anthu amakumba zitsime mu mcengamo, pakuti madzi amayendabe pansi. Citsime cimene m'June cinali cofika m'bondo, pofika October cimameza munthu woimirira, ndipo mcenga umagumukiramo, kotero kuti cifuna kufukulidwa kawiri kawiri. Amai amakonda zitsimezi koposa kutunga pa Luangwa peni peni, cifukwa pa madzi akuya pamabisala ng'ona.

Kuthirira kumacitika m'mawa ndi madzulo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo dimba laling'ono limamwa ndowa makumi angapo pa tsiku. Ena anapeza mapampu opalasa ndi miyendo kapena a injini, koma ambiri akali kusenza pamutu. Kuti madzi asathawe msanga amayala udzu wouma pansi pa mbeu, ndipo amathirira pa tsinde, osati pa masamba.

Phindu lace limaoneka m'September ndi m'October, pamene dziko lonse lauma ndipo dimba lokha ndilo labiriwira. Cimanga caciwisi ca nthawi imeneyi cimagulidwa bwino, matimati ndi repu zimapita pa njinga kwa aphunzitsi, kwa anchito a cipatala ndi ku misika. Ndalama zace ndi zazing'ono, koma zimabwera sabata ndi sabata, pamene za thonje zimabwera kamodzi pa caka ndi kutha. Mcere, sopo, mafuta ndi makope a ana kawiri kawiri zimacokera m'dimba, ndipo ndalamazi zimakhala m'manja mwa amai. Zipatso za m'chire zimathandizanso: masau, malambe ndi bwemba, kufikira mango atapsa m'November.

KULINDA

Kumtunda munthu akapalira munda wace amagona m'nyumba. Kuno theka la ulimi ndi kulinda. Masana kumabwera anyani ndi apusi, amene amadziwa kusiyanitsa mwamuna wa uta ndi mwana wa mwala. Mpheta zimagwa pa mapira ndi pa mpunga ngati mtambo. Usiku kumabwera nguluwe, nungu, mvuu ndi njobvu. Mvuu imodzi imadya makilogalamu ngati 40 a msipu usiku umodzi, ndipo njobvu yaikulu imadya ngati 150 pa tsiku. Cimene zasiya kudya zimapondereza. Nchito ya miyezi inai ikhoza kutha tambala asanalire.

Cifukwa ca ici pa munda uli wonse pamamangidwa cirindo, kanyumba ka pa nsanja kapena pa culu, ndipo kuyambira mbeu zikamasula mwamuna amagona komweko, mwina ndi banja lonse. Amasonkha moto, naimba zitini ndi ng'oma, napfuula kuti a minda yoyandikana adzuke. Mvuu imachingika ndi dzenje kapena mpanda wolimba, popeza miyendo yace ndi yaifupi; njobvu siichinga mpanda wa minga. Anthu afa pa nchito imeneyi, ndipo ambiri amatenga malungo cifukwa cogona kunja. M'cirimwe bvuto limakula ku madimba, pakuti nyama zonse zimatsikira ku madzi omwewo amene mlimi alikuthirira nao. Njobvu zimalowanso m'midzi kutsata mango ndi kupasula nkhokwe, kotero kuti ena amaopa kuoka nthoci kapena papaya pafupi ndi nyumba yogona.

Kale mudzi unali ndi afundi a mfuti, ndipo m'nthawi ya Azungu Boma linkatuma alenje ace kudzaomba njobvu zoononga minda. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anatha njobvu zambiri ndi zipembere zonse za m'dera lino. Citetezo citakhwima njobvu zinayambanso kuswana. Malamulo a nyama a 1998 ndi a 2015 anapatsa anthu a m'dziko la mfumu iri yonse bungwe lao la Community Resources Board, lolandira gawo la ndalama za nyama, koma sanaike kuti munthu wodyeredwa munda alipidwe. Ndalama zimapita ku nchito za onse, pamene njala imalowa m'nyumba ya mmodzi. Apa ndipo pagona madandaulo ambiri amene timalandira m'maofesi.

Cida catsopano ndi tsabola. Njobvu iri ndi mphuno yakumva kwambiri, ndipo imadana ndi pfungo lace. Njira imeneyi inayesedwa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, nifika kuno pambuyo pace. Amasinja tsabola wowawa, nasakaniza ndi oili wakutha wa galimoto, napaka pa zingwe ndi nsanza zozinga munda. Kapena amaumba njerwa za ndowe za njobvu zosakaniza ndi tsabola, naziocha usiku kuti utsi upite kumene nyama zicokera. Bungwe la Conservation South Luangwa linaphunzitsa anyamata kuomba njobvu ndi timipira ta tsabola m'malo mwa zipolopolo, ndipo linathandiza kumanga nkhokwe za njerwa ndi simenti, zimene amati felumbu. Zonsezi zimathandiza pokha pokha anthu akagwirizana, pakuti munda umodzi wosalindidwa ndiwo khomo lolowera m'minda ya onse.

MWINI DIMBA NDANI

Nthaka yonse iri m'manja mwa mfumu, ndipo mfumu ya mudzi ndiyo imagawira anthu ace. Akunda amatsata mtundu wa kwa mai, motero minda yakale ndi madimba zimayenda m'mbumba: mai amasiyira ana ace akazi, ndipo malume ndiye amayang'anira. Mkamwini amalima dimba la kwa mkazi wace, koma ukwati ukatha sanyamula. Mwambo uwu unasunga mabanja m'zaka zija amuna ankapita ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Copperbelt kukafuna ndalama za msonkho, pakuti akazi otsala anali pa nthaka ya kwao, pakati pa abale ao.

Malo a dimba ndi ocepa, ndipo anthu alikucuruka. Motero mirandu yace siitha. Yobvuta koposa ndi imene mtsinje umayambitsa. Luangwa ndi mtsinje wokhotakhota, umene umadya gombe la kunja kwa khonde ndi kuunjika dothi ku gombe la m'kati, ndipo nthawi zina umadula njira yatsopano ndi kusiya thawale. Wina amadzuka dimba lace litapita, mnzace atapatsidwa nthaka imene sanaigwirire nchito. Pa nchito yanga ya ukalaliki ndalembapo mirandu yotere, ndipo ndaona kuti mboni zeni zeni ndi mitengo ndi nkhalamba. Agogo amati, "Malire a amai anu anali pa mvunguti uja, kufikira pa culu," ndipo bwalo limatsata mau amenewo. Wodula mtengo wa m'malire wapha mboni.

ZAKA ZA NJALA

Cakudza siciyimba ng'oma. Mu 1992 cilala cinagwira maiko onse a kumwera kwa Africa, ndipo Zambia inadya cimanga cacikasu cocokera kunja. Ine ndinali nditangoyamba nchito, ndipo ndinali mmodzi wa olemba maina a olandira cimangaco. Cimene ndinaona ndi ici: mabanja okhala ndi dimba la citsime cosaphwa anabwera mocedwa kudzalembetsa, ndipo ana ao sanatupe miyendo, amene anadalira munda wa mvula wokha ndiwo anayamba kugulitsa nkhuku, mbuzi ndi makasu omwe. Kuciyambi kwa 2007 kunabwera tsoka la mtundu wina, Luangwa atasefukira ndi kumiza minda ndi nyumba. Caka cimeneco anthu anaomboledwa ndi cimanga cobzala pa matope madzi ataphwa. Kumapeto kwa 2016 kunafika mbozi zacilendo zocokera ku America, zodya mtima wa cimanga, ndipo zimapezeka ndi m'madimba momwe. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo maso a anthu anatembenukiranso ku mitsinje.

Koma dimba nalo likhoza kufa. Anthu akadula mitengo ndi bango za pa gombe peni peni kuti akuze malo, gombe limagumuka, mtsinje umatambalala, ndipo mcenga umakwirira matope abwino. Mitengo ikathanso ku mapiri kumene mitsinje icokera, madzi amatsika mwaukali masiku owerengeka, nasiya zitsime zikuphwa msanga. Madzi saiwala khwawa. Amabwera kudzatenga cimene munthu anawalanda. Makolo ankasiya mzere wa bango ndi mitengo pakati pa dimba ndi madzi, ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'cigwa cino, limaphunzitsa zofanana ndi zomwezo: kusatentha mapesi, kupanga manyowa, ndi kubzala mitengo yononetsa nthaka m'minda.

Kwa acinyamata amene awerenga mau awa ndinena zinthu zitatu. Pitani ndi agogo anu ku dimba akali moyo, akuonetseni malire ndi pamene madzi amakhala pafupi. Sungani mbeu za makolo, mapira, nyemba, nzama ndi maungu, ngakhale pa kamunda kakang'ono, pakuti mbeu yotayika siigulidwa m'sitolo. Ndipo musadule mtengo wa pa gombe, ngakhale malo acepe. Banja locita izi lidzabvutika ndi njobvu ndi dzuwa monga anzace onse, koma m'February lidzakhala ndi cophika.